Chifukwa Chake Pakhomo Pano Sitidzala Chimanga

Inu ana, bwerani kuno pakhonde. Tiyanjane, ika pansi kaye foniyo. Chitsikireni minibasi dzulo ikungolira, iwe ukungoiyang'ana osayankha, ndipo ine makutu atopa nayo. Sofia, kokera kuno lichero la makaka a chinangwalo, uthandize mkulu wako kuthyola; manja azigwira ntchito makutu akumva. Mphatso musiyeni asewere pabwalopo. Lero akupuma bwino, ndipo nkhani yanga ndi ya kupuma komweko.

Tiyanjane, ndamva zonse unauza mayi ako. Akuti mwana wakoyu wakhala akubanika masabata atatu ku Bangwe kuja, maso otupa, mamina osatha, chifuwa chikulira ngati kamwana ka mphaka. Akuti chaka chatha nthawi ngati ino zinali chimodzimodzi. Ndiye amayi a pa mpopi awerenga bwinobwino, aona kuti nthawi ino ndi imene mwamuna wako Yohane amakhalitsa pamsewu ndi lole, akuuza kuti mwana wasemphedwa, bambo wake akuyenda ndi akazi ena. Iwe wamanga katundu, wabwera. Mayi ako Elube apita kukatchola tiyi, abwera madzulo ndi zonena zawo. Ine ndilankhula zanga iwo asanafike, chifukwa zina mwa izi sindinawauzepo.

Muli ana munkandifunsa kuti, agogo, bwanji anzathu onse chimanga chimafika pakhonde, koma ife pakhomo ndi chinangwa ndi mbatata basi? Ndinkakuyankhani kuti ndimaopa njoka. Linali bodza. Ine njoka ndapha zambiri kuposa amuna a m'mudzi muno.

Mukudziwa kuti kuno malo kulibe. Makolo athu anachoka ku Mozambiki wapansi, mitolo kumutu, anapeza dziko labwino lonse lili kale m'manja mwa tiyi. Ife tinatsalira timalire, tizigwa, ndi m'mbali mwa mapiri. Ndiye munthu ukapeza kadothi, ngakhale kokwana mphasa imodzi, umaponyapo mbewu. Chimanga tinkadzala mpaka pansi pa windo, kanjira kopita kuchimbudzi n'kukhala kongokwana phazi limodzi. Ikafika Febuluwale nyumba sinkaoneka, unkangoona utsi ukutuluka pakati pa ngayaye. Panalibe amene ankaona cholakwika, ndipo mpaka lero anzathuwa akutero.

Ine ndinayamba kutchola tiyi mawere asanamere. Masiku amenewo kunalibe majombo ndi mapulasitiki amene mayi anu amavalawa. Tinkatenga chiguduli, kupinda ngodya imodzi, kuvala kumutu, dengu kumsana, basi kulowa m'mame. Ndodo yaitali unkaigoneka pamwamba pa tiyi kuti utchole molingana, masamba awiri ndi kansonga. Ukaponya tsamba lokhwima m'dengu, kapitawo ankakukhuthulira pansi kuti usankhe anzako akupita kusikelo. Zala zinkang'ambika mpaka kuzolowera. Taonani izi, sizinawongokenso. Sofia, zako zopakidwa utotozo tsiku limodzi lokha zikhoza kulira.

Agogo anu aamuna, a Jailosi, ndinakumana nawo pa sikelo pomwepo. Inu simunawaone, anapita musanabadwe. Anali a kwa Mphuka, munthu wamtali, wosalankhulalankhula. Tsiku lina dengu langa linaduka chingwe tili pamzere, masamba onse mbwee m'matope. Anzanga ankaseka. Iwo anatula dengu lawo, anagwada, anandithandiza kutola, kenako anamasula chingwe cha dengu lawo n'kumangira langa, lawolo n'kusenza paphewa. Mawu amene ananena tsiku limenelo anali akuti, "Chingwe cha khonje chimawola ndi mvula, muzisintha." Kufunsira kwawo kunayambira pamenepo, ndipo sikunakhale kwa mawu ambiri kuposa pamenepo.

Anabwera kuno chikamwini monga mwa mwambo wathu. Anamanga nyumba apo pali chinangwapo, yaudzu, ya zipinda ziwiri. Sankamwa, sankamenya. Cholakwa chawo chinali chimodzi: ukawakalipira sankayankha. Ine ndine wa pakamwa, mukundidziwa, ndiye munthu wosayankha ankandipsetsa mtima kuposa wotukwana.

Tsono mumvetse kayendedwe ka ntchito ya tiyi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Nthawi ya chiperoni ndi ya dzuwa, tiyi amagona. Ntchito imachepa, ena amadulira, ambiri amakhala pakhomo. Koma mvula ikangogwa, tiyi amaphuka ngati wapenga. Munda umene mwatchola lero, sabata yamawa ukukuitananinso. Kuyambira Disembala mpaka Malichi munthu ulibe tsiku. A Jailosi anawaika ku gawo la kutali, kuseri kwa mabulugamu, kumene wapansi sungapite ndi kubwera tsiku lomwelo n'kumaliza mgwazo, ntchito imene amupimira tsikulo. Ndiye miyezi imeneyo ankagona ku malaini, tinyumba ta antchito a esiteti, pamodzi ndi anzawo, kunyumba n'kumabwera Loweruka masana, nthawi zina kulumpha sabata. Ine ndinali nditasiya kaye ntchito, ndikulera mayi anu.

Elube ali ndi zaka ziwiri, chimanga chitangomasula, zinayamba. M'mawa ankadzuka bwinobwino. Dzuwa likakwera, mame n'kuuma, ankayamba kuyetsemula, kasanu, kakhumi, osaleka. Maso psuu, akudzikanda mpaka zikope kutupa. Pofika masana, chifuwa chinkatseka. Ndinkamuyang'ana nthiti zikulowa ndi kutuluka, pakhosi apa pakuchita kadzenje. Ndinamufukiza masamba a bulugamu, ndinamupatsa madzi a mandimu, osathandiza.

Mayi anga, agogo a mayi anu, anabwera, anamutembenuza mwanayo, anamugwira masaya, anandikokera kuseri kwa nyumba. Iwo akafuna kunena zolemera ankasiya Chichewa n'kulowa Chilomwe, koma ndikuuzani m'Chichewa.

"Ichi si chimfine," anatero. "Mwanayu wasemphedwa. Iwe uli pompano, ndikukuona tsiku ndi tsiku. Nanga mwamuna wako ali kuti?"

"Ali ku malaini, amayi. Ali kuntchito."

"Ku malaini kulibe akazi?"

Sofia, usayang'ane pansi, wakula, unavinidwa. Tsempho mukulidziwa: amati kholo likagona kunja kwa banja n'kubwera kudzagwira mwana wamng'ono kapena kudya naye, mwanayo amatupa, amatsokomola, amatha. Tinali anthu a tchalitchi, Lamulungu lililonse tili pa benchi ndi nyimbo pakamwa, koma za tsempho panalibe amene ankatsutsa. Ngakhale akulu a mpingo ankazidziwa.

Loweruka a Jailosi atafika ndi kaphukusi ka phoso lawo, sindinawalandire ndi madzi. Ndinawafunsa pabwalo pomwepo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kuti, "Mayi a Elube, ine sindinachite kanthu." Ndinalankhula mpaka mawu kusasa, iwo ali phee, mwana ali pamiyendo pawo. Chaka chimenecho zinathera pomwepo, chifukwa patapita masabata angapo Elube anachira yekha. Ngayaye zinali zitauma, koma ine sindinaziyang'ane. Ndinangoti mwina munthuyu wachita mantha, wasiya.

Miyezi ya chiperoni inadutsa, mwana ali gwa. Kuzizira konse kuja, nkhungu ikulowa mpaka m'nyumba, osatsokomola n'kamodzi komwe. Nthawi ya dzuwa anali wonenepa, akuthamangitsa nkhuku. Bambo ake anali pakhomo. Inu mukanakhala ine mukanaganiza chiyani? Bambo akakhala pakhomo mwana ali bwino, bambo akapita ku malaini mwana akudwala. Sindinali chitsiru. Ndinkawerenga bwino ndithu, kungoti ndinkawerenga chinthu cholakwika.

Chaka chotsatira mvula inagwa bwino, chimanga chinakula kupitirira denga. Ndinali nditathira manyowa a mbuzi kuzungulira nyumba yonse, ndipo ndinkanyada anthu akamaima panjira kuyamikira. Chitamasula, Elube anagwa, ndipo ulendo uno zinali zoopsa. Milomo inkada. Ankalephera ngakhale kulira, ankangotsegula pakamwa ngati nsomba. Mayi anga anatuma munthu kukaitana a Jailosi pakati pa sabata, anaitananso ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndi mayi wina wa kwa Khwethemule amene ankadziwa mankhwala a tsempho.

Tinakhala apo pali mtengo wa mapeyalawo, dzuwa lili pamutu. Mayi uja anali atasinja kale mizu yake, ili m'chikho. Ananena poyera kuti mankhwalawa sagwira ntchito wolakwa asanaulule, ndipo akaulula, iye mwini ndiye athire mchere m'chikhomo ndi dzanja lake, amwetse mwana. Akapanda kutero, kumwetsa n'kutaya nthawi.

Malume anga anati, "Akamwini, mwana ndi uyu mukumuona. Lankhulani."

A Jailosi anati, "Ndinanena kale chaka chatha. Sindinachite kanthu."

"Ndiye mukufuna tikumbe manda?"

Ine ndinali ndi mwana m'manja. Ndinawakuwira mawu amene sindingawabwereze pamaso panu. Ndinati ngati mwanayu afe, wapha ndi inu, ndipo dziko lonse lidziwa. Iwo anayang'ana mwana, anayang'ana chikho chija. Anafunsa mayi uja kuti, "Mukuti ndikavomera, achira?" Mayi uja anati eya.

"Chabwino," anatero a Jailosi. "Ndavomera. Ndine."

Malume anafunsa kuti mkaziyo ndani. A Jailosi anati, "Dzina silichiza mwana. Bweretsani mcherewo." Anathira, anamunyamula Elube, anamumwetsa pang'onopang'ono. Sanabwerere kuntchito sabata imeneyo. Kunagwa mvula ya masiku anayi osakata, mwana anayamba kupeza bwino, ndipo pamene inkakata ngayaye zinali zitatha mphamvu. Pasanathe masabata awiri Elube anali akusewera panja. Mudzi wonse unati, mwaona, mankhwala agwira.

Ine ndinasangalala tsiku limodzi. Tsiku lachiwiri mkwiyo unabwera. Ndinkati zaka ziwiri munthu uyu wakhala akundiyang'ana m'maso n'kumakana, mwana akufa. Ndikawaona akudya, mtima unkawira. Sindinadikire kukolola. Ndinaitana ankhoswe, ndinati ukwati watha. Ankhoswe a kwawo anayesa kupepesa, anati munthu waulula, wachiza mwana, mukhululukireni. Ndinakana. A Jailosi sanadziteteze. Analowa m'nyumba imene anamanga okha, anatenga bulangete, mpeni wawo wodulira tiyi, ndi njinga. Khasu anasiya. Pochoka anamugwira Elube pamutu, n'kundiuza kuti, "Denga la kuchipinda likudontha pakona, muuze munthu akonze." Anakankha njinga kudutsa m'chimanga muja mpaka sindinawaonenso.

Chaka chimenecho ndinabwerera ku tiyi, chifukwa pakhomo panalibenso wobweretsa phoso. Chinali chaka chowawa. Tinadya kalongonda, nyemba zoyabwa zija, mpaka kumuda. Inu a masiku ano simumudziwa bwino kalongonda; amafuna kuwiritsa tsiku lathunthu, kutaya madzi, kuwiritsanso, apo ayi akuzunguza mutu ngati mowa. Nkhuni zokha zinkatha mtolo. Nthochi zinatithandiza, pajatu nthawi imeneyo khonde lililonse kuno linali ndi mkoko, matenda a nthochi asanazithe. Mwamuna aliyense amene ankayesa kundilankhula ndinkamuthamangitsa ngati galu wolowa m'khitchini. Ndinalibe nazo ntchito.

Ndiye mvula inabweranso, ndinadzala monga mwa masiku onse, mpaka pansi pa windo. Chimanga chinamasula. Lamulungu lina tikuchokera kutchalitchi, tangolowa m'kanjira ka pakhomo, Elube anayetsemula. Anayetsemulanso. Ndinaima chilili. Pofika Lachiwiri chifuwa chinali chitatseka ngati kale.

Mayi anga anabwera, anamugwira masaya, anandikokera kuseri kwa nyumba komwe kuja. Ulendo uno sanafunse za mwamuna.

"Pakhomo pano mwamuna palibe," anatero. "Watsala ndiwe. Wabwerera ku tiyi. Ndi kapitawo uti?"

Ana inu, ndamenyedwapo ndi moyo, koma mbama ngati imeneyo sindinailandireponso. Mayi anga ondibereka. Ndinalumbira, ndinalira, ndinati sindinachite kanthu. Mawu atangotuluka ndinawazindikira kuti si anga. Anali mawu omwe aja a Jailosi ananena pabwalo, ndipo mayi anga ankandiyang'ana ndi maso omwe ine ndinawayang'ana nawo. Ine ndinkadziwa mumtima mwanga kuti ndine woyera. Ndiye ngati ine ndili woyera mwana n'kumabanikabe, nanga uja?

Sindinadikire chikho. M'mawa mwake ndinamubereka Elube, ndinapita naye ku kachipatala ka esiteti. Anandipatsa timapiritsi, anati ndibwerenso pakapita masiku atatu. Kunyumba ndinaopa kubwerera chifukwa cha pakamwa pa anthu, ndiye ndinapempha malo kwa mnzanga wina ku malaini. Malaini aja anali pakati penipeni pa tiyi. Kumanzere tiyi, kumanja tiyi, udzu wotchetchedwa, ndipo azungu sankalola munthu kudzala chimanga pamenepo. Tsiku lachiwiri mwana anapempha phala. Tsiku lachitatu ankathamanga ndi ana anzake. Ndinati mapiritsi agwira, Loweruka ndinabwerera naye kunyumba. Lamulungu masana anali atabanikanso, mapiritsi akumwa omwewo. Lolemba ndinabwerera ku malaini, anachira. Kawiri konse zinatero.

Dokotala wa pa kachipatalako anali bambo wachikulire, wa magalasi omanga ndi ulusi. Nditamufotokozera za kupita ndi kubwera kumeneku, anasiya kulemba.

"Mayi, pakhomo panu pali chiyani?"

"Pali ine, mwanayu, ndi mayi anga chapafupi."

"Sindikufunsa anthu. Mwadzala chiyani?"

"Chimanga."

"Chafika pati?"

"Pakhonde."

"Chamasula?"

Ndinati eya. Anandifunsa ngati ndinaonapo kafumbi kachikasu kamene kamagwa ku ngayaye. Ndinatsala pang'ono kuseka. Ndani sadziwa mungu? Ndinkausesa pakhonde m'mawa uliwonse. Unkayandama pamadzi a mumtsuko ndikaiwala kuvundikira. Ndinkaupukuta m'tsitsi la Elube akatuluka kosewera m'mizere. Iye anati pali anthu ena chifuwa chawo sichigwirizana nawo, monga mmene ena amatulukira zidzolo akadya nyama ya nkhumba anzawo akudya bwinobwino. Anati ena ndi mungu wa udzu, ena wa mitengo, aliyense ndi nyengo yake, ndipo ukatha munguwo munthu amachira ngati sanadwalepo. Anati wa chimanga ndi wolemera, suuluka kutali, umavuta amene wagona nawo pafupi. Mvula ikagwa yambiri umatsikira pansi, munthu n'kupumako.

Ndinakumbukira mvula ya masiku anayi ija. Ndinakhala pa benchi ya kachipatalako osatha kudzuka, mpaka anandifunsa ngati nanenso ndikudwala.

Sofia, iwe umaseka, koma ndiwe wa mtundu womwewu. Chaka chija ndinabwera kutauni kudzapimitsa maso, mwezi wa Okutobala, mitengo ya jakaranda itachita maluwa m'misewu monse, unali ukuyetsemula kuyambira ku Limbe mpaka kunyumba, mpango uli pamphuno ngati wakuba. Anzako ankati ndi fumbi la minibasi. Ine ndinangoyang'ana m'mwamba n'kudziwa. Kutauni anthu amaganiza kuti anathawa zakumudzi, chonsecho mitengo ili pomwepo, udzu uli m'ngalande, ndipo paliponse pamene pali kamalo munthu wadzalapo chimanga. Ndinaona ndi maso anga, mpaka m'mbali mwa njanji.

Ndibwerere ku nkhani. Loweruka lotsatira ndinamusiya Elube kwa mnzanga uja, ndinanyamuka kukacha kupita kwa Mphuka. Kunalibe njinga zamoto zimene mumakwera masiku ano mutakhala chammbali ngati akwati. Ndinadutsa m'tiyi, m'mabulugamu, ndinawoloka mitsinje iwiri madzi ali m'chiuno, ndinakwera mapiri mpaka mawondo kulira. Njira yonse ndinkakonza mawu. Ndinafika dzuwa litapendeka.

Ndinawapeza pakhonde la kanyumba katsopano, njinga ataigadabuza, akumata chubu. Atandiona anaimirira. Mawu oyamba anali akuti, "Mwana ali bwanji?" Ndisanayankhe, m'nyumba munatuluka mayi wachitsikana, mimba ili apa. Anandiyalira mphasa, anagwada, anandipatsa moni mwaulemu, anapita kukatunga madzi akumwa. Mawu onse ndinakonza panjira aja anathawa.

Ndinawafotokozera za malaini, za dokotala, za mungu. Anamvetsera mutu uli pansi. Nditamaliza ndinawafunsa chimene chinandiyendetsa mtunda wonsewo.

"Bambo a Elube, ndiuzeni zoona. Munachita?"

"Ayi."

"Nanga munavomereranji pamaso pa anthu onse aja?"

"Munati mankhwala sagwira ndikapanda kuvomera. Mwana milomo inali itada. Ndikanatani?"

"Nanga pambuyo pake, mwana atachira, bwanji simunanene?"

"Atachira ndinayamba kukayika ndekha," anatero. "Ndinkati mwina pali china ndinalakwa osadziwa. Komanso mukanandikhulupirira?"

Sindikanawakhulupirira, ndipo tonse awiri tinkadziwa. Ndinati, "Pepani." Iwo anati, "Zinapita." Mayi uja anabwera ndi madzi, ndinamwa, ndinathokoza. Ndinagona kwa achemwali awo, m'mawa ndinabwerera. Sindinapemphe kuti abwerere kwa ine. Ndikanapempha bwanji, mnzanga ali ndi pakati, iye wosalakwa kanthu?

Patapita masiku awiri anatulukira pano pa njinga, kumbuyo atamanga mtolo wa mitengo ya chinangwa ndi thumba la makaka. Sanalowe m'nyumba. Anatenga chikwanje, anayamba kudula chimanga kuyambira pakhonde. Mumvetse, ana inu: mwezi wa njala, chimanga chitabereka kale ana, kwatsala pang'ono kuti tiyambe kuotcha. Anthu anathamanga kudzaona. Mayi anga anagwira kumutu, akukuwa m'Chilomwe kuti mkamwini wopirikitsidwa wapenga, wabwera kudzalipsira. A Jailosi ankangodula. Ine ndinatenga khasu lija anasiya, ndinayamba kuzula zitsa pambuyo pawo. Tinagwira ntchito tsiku lonse osalankhulana, kuchokera apa mpaka pamene pali mapeyala paja, kuzungulira nyumba yonse. Madzulo tinazika chinangwa. Anasamba m'manja, anakwera njinga.

Elube sanachiriretu, ayi, ndisakunamizeni. Chifuwa chimenecho ali nacho mpaka lero, n'chifukwa chake nthawi ino salowa m'munda wa chimanga, amapita ku tiyi, kupalira n'kusiyira ena. Koma sanafikenso pakuda milomo. Mayi anga anamwalira akukhulupirirabe kuti linali tsempho, ndipo sindinalimbane nawo. Ine za miyambo sinditsutsa zonse. Ndikungonena chimene ndinachiona pakhomo panga.

Chaka chilichonse chimanga chikamasula m'mudzi muno, a Jailosi ankabwera. Ankakhala pamene wakhala iwe Tiyanjane, kumuitana Elube, kuika khutu pamsana pake, kumvetsera. Akamva kuti muli bwino, ankamwa madzi, kufunsa za denga, n'kumapita. Chakudya sanadyeponso pano. Sanandinenepo mawu oipa ngakhale amodzi, ndipo ndikuuzani, kukanakhala bwino akanandituka. M'mudzi muno anthu anapitiriza kuwatchula kuti bambo uja anasempha mwana. Ndinkawatsutsa mmodzimmodzi, pachitsime, pamaliro, koma anthu anamva ndi makutu awo munthu akuvomera, ndiye ankati ndikungomukonda. Kumukondako sankanama.

Atamwalira ndinapita kwa Mphuka. M'nyumba ya siwa munali mkazi wawo ndi ana ake asanu. Ine ndinakhala panja, kumbuyo, pamodzi ndi anthu a m'midzi ina, ndinalira motsitsa kuti ndisasokoneze eni maliro. Sindinakwatiwenso. Mayi anu amadziwa kuti bambo awo anadula chimanga. Za chikho ndi mchere sindinawauze, manyazi.

Tsono Tiyanjane, tamuona Mphatso uyo akukumba dothi ndi kamtengo. Dzulo anafika akubanika, lero ali bwino. Ndikudziwa chimene chili mumtima mwako. Ukuti, mwaona, ndangomuchotsa kwa bambo ake, wachira. Inenso ndinanena mawu omwewo. Wachira chifukwa wagona pakhomo pamene agogo ako anadula chimanga.

Tandiuza, kuseri kwa nyumba mukuchita lendi ku Bangweko kuli chiyani? Usandiyang'ane choncho, yankha. Chimanga cha eni nyumba. Chafika pati? Pawindo la kuchipinda. Ndipo chamasula. Nanga kachipangizo kopopera m'kamwa kamene ndakaona m'chikwama mwako, anakupatsa ndani? Akuchipatala. Anakuuza kuti ndi mphumu, kuti uyang'ane chimene chikumuyambitsa, iwe n'kukamvera amayi a pa mpopi.

Sindikuti Yohane ndi mngelo. Sindimudziwa, ndinangomuona pa ukwati akuvina moipa. Amuna a pamsewu ali ndi zawo, ndipo ngati uli ndi umboni wina, ubweretse, tiitane ankhoswe tikambe. Koma chifuwa cha mwana si mboni. Ukuti unamufunsa Yohane, anati chiyani? Anati sanachite kanthu. Ndiye unafuna anene chiyani? Ukamukakamiza kwambiri, mwana ali m'manja akubanika, akhoza kuvomera. Amene amakonda mwana wake ndi amene amavomera msanga.

Mwana akhale kuno mpaka ngayaye ziume. Inu awiri mukalankhule ndi eni nyumba, kapena mukafune nyumba ina. Ine ndinayenda tsiku lathunthu wapansi, kuwoloka mitsinje iwiri, ndipo ndinapeza nditachedwa ndi chaka. Iwe wachedwa ndi tsiku limodzi lokha. Iyo, yayambanso kulira. Tenga foniyo, pita kuseri kwa mapeyala uko, ukayankhe.